Voti Imodzi ya Buluu

"Maso a amayi atha, Jeannine. Iwe sunaone dzulo kutchalitchi? Buku la nyimbo analigwira chozondotsa."

Jeannine anasiya kupukuta mbale n'kumuyang'ana mlongo wake Ovide kuyambira kumutu mpaka kunsapato. M'khitchini munali mudakali thothotho zinthu za eni ake: miphika ya anansi, mipando ya kuholo ya parishi, makapu amene palibe ankadziwa kuti anabwera ndi yani. Bambo awo, a Valmond Chiasson, anali ataikidwa m'manda dzulo lake, Lachisanu. Lolemba kunali chisankho.

"Amalira, iwe. Munthu akulira mwamuna wake, ukufuna aziwerenganso nyimbo?"

"Ine ndikuti maso atha," Ovide anabwereza motsitsa mawu, poti amayi anali kuchipinda. "Ndipo n'zololedwa. Munthu wosaona bwino amalowa kuseri kwa katani kuja ndi wachibale woti amuthandize kuchonga. Ndilowa nawo ine."

Apa m'pamene Jeannine anaona kumene nkhani inkalowera.

Dera lonse la chisankho, kuchokera kudoko mpaka kumidzi ya m'nkhalango, limasinthasintha. Ulendo uno litumiza phungu wa chipani chofiira kunyumba ya malamulo ya chigawo, ulendo winawo wa chipani cha buluu. Koma mudzi wa asodzi uno wa Anse-à-Lazare susintha ayi. Kuno mwana amabadwa wofiira, amakwatira wofiira, ndipo ngakhale boti salipaka penti ya buluu. Ovota safika n'komwe zana, bokosi ndi limodzi, ndipo amaliwerengera pasukulu pompano, anthu atakakamira m'mawindo. Ndiye kuyambira chaka chimene a Valmond anakwatira, bokosilo linayamba kutulutsa voti imodzi ya buluu. Imodzi yokha basi, chisankho chilichonse, kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Anthu a m'midzi ina anafika poisandutsa nthabwala. Akakumana ndi munthu wa kuno pamsika wa nsomba ankafunsa kuti, "Kodi ngwazi yanu ija ikadali moyo?"

Nanga mwini wake akanakhala ndani? Mayi Edmée anachokera kutsidya kwa mtsinje, kubanja la a Haché, anthu a buluu mpaka m'mafupa. Chaka chimene anakwatiwa, amene anaimira a buluu m'dera lonse anali bambo awo owabereka, a Théotime Haché. Tangoganizani manyazi ake: mwamuna ndiye kapitawo wa ofiira m'mudzi, wonyamula nkhalamba pagalimoto kupita nazo kokavota, pamene mkazi wake ndiye woboola boti. Palibe amene ankawanena pamaso. Kungoti azimayi a kutchalitchi ankasintha nkhani iwo akalowa, ndipo ana kusukulu ankamutcha Ovide kuti mwana wa voti imodzi. Mayi Edmée ankakana. Ankati analumbira pamaso pa apongozi awo tsiku laukwati kuti alowa m'banja lofiira ndi miyendo yonse iwiri, ndipo lumbirolo sanaliphwanyepo. Palibe anawakhulupirira. Jeannine nayenso, kunena chilungamo, sankawakhulupirira, ngakhale mumtima ankawanyadira pang'ono.

"Akutuma ndani?" Jeannine anafunsa. "A Fidèle?"

Ovide anakanda kumbuyo kwa khosi. A Fidèle Gionet anali wapampando wa ofiira, munthu amene ankagwira dzanja lako ndi manja awiri uku maso ali kwina.

"Sanandituma. Anangoti ulendo uno mudzi ukufuna kulemekeza bambo ndi bokosi loyera. Lopanda kachitsotso."

"Anakuuzira pamaliro pomwe? Thupi lili m'nyumba?"

"Iwe umakhala kutauni ku Moncton, Jeannine, malipiro ako a unamwino amabwera kaya kugwe chipale chofewa kaya kuwale dzuwa. Ine ndili ndi ana atatu, nyanja chaka chino yatimana. Ukapitawo wa bambo ukabwera kwa ine, ntchito yokankha chipale m'misewu ibweranso kwa ine. Koma a Fidèle akuti munthu wolephera kusunga voti ya m'nyumba mwake angasunge bwanji ya mudzi? Bambo ankawakhululukira chifukwa anali bambo. Ine andikhululukira chifukwa chiyani?"

"Ndiye ukufuna undigwire dzanja ngati mwana wa sukulu?"

Onse awiri anadzidzimuka. Mayi Edmée anali ataima pakhomo la khitchini, atavala diresi lakuda lija la dzulo, tsitsi atalimanga bwinobwino. Anali mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene ankalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi.

"Amayi, sindikutanthauza zoipa."

"Ndamva zonse. Makoma a nyumba ino anamanga bambo ako, ndi matabwa otchipa. Ovide, ine ndinakubereka usiku wa chimphepo, msewu utatsekeka, popanda dokotala. Lero ndiwe woti undiuze kuti maso anga atha?"

"Nanga bwanji osangokhala pakhomo? Muli pa maliro, palibe angakunenereni."

"Ndikhale pakhomo kuti voti ija ikapanda kutuluka muziti mwandigwira? Ayi. Ndikavota ngati mmene ndakhala ndikuvotera. Mofiira."

Ovide anaseka kuseka kowawa. "Amayi, bambo kulibe. Mukunamizanso ndani?"

Jeannine anaona khosi la amayi ake likufiira, ndipo anachita mantha kuti agwa. Koma iwo anangogwira mpando.

"Ukangoyerekeza kulowa nane kuseri kwa katani, Lachiwiri ndiwoloka mtsinje. Malume ako Alyre ali ndi chipinda."

"Ndipo ikatulukanso," Ovide anatero, "ine m'nyumba muno sindidzapondamonso. Nkhuni adzakuwazirani a buluu anuwo."

Anatuluka osamenyetsa chitseko, zomwe zinamuopsa Jeannine koposa. Ovide akakwiya mongodutsa ankamenyetsa zitseko. Nyumba yake inali kuseri kwa mpanda, ndipo ndi iye amene akanamawaza nkhuni, kuchotsa chipale pakhomo ndi fosholo ndi kuwathamangitsira amayi kuchipatala. Jeannine anayenera kubwerera kuntchito Lachiwiri. Anaona bwinobwino zimene zinkabwera: amayi ake okhaokha m'nyumba yozizira, mwana wawo akudutsa pageti osatembenuka, apo ayi amayi ake m'kachipinda ka kwa malume, atasiya nyumba yawo, dimba lawo ndi manda a mwamuna wawo. Bambo atangogona tsiku limodzi m'nthaka, banja linali litayamba kale kung'aluka.

Lamulungu atatuluka mu Misa, a Fidèle anawapeza pamasitepe. Anawagwira dzanja mayi Edmée ndi manja awiri aja.

"Mayi Chiasson, tataya mzati. Mawa tonse tikamuthokoze malemu m'njira imene iye akanaikonda. Tonse, mayi."

"Ndamva, bambo Gionet. Makutu anga ndiye sanathe."

Masana kunabwera malume Alyre pa galimoto yawo yakale, atanyamula mphika wa msuzi wa nkhuku ndi mbatatesi. Anali munthu wamkulu thupi, waphokoso, amene pamaliro analira kuposa ana a malemu. Anadya, anakamba za mtengo wa nkhanu, kenako potsanzika anamukumbatira mlongo wawo n'kunong'ona, kunong'ona kwake komveka mpaka pabwalo.

"Limba mtima, Edmée. Mawa tikudalira iwe ngati kale. Kwathu kutsidya, wailesi ikangoti Anse-à-Lazare, imodzi, timaimirira tonse n'kukweza matambula. Bambo anafa akunyadira iwe."

Mayi Edmée anangowakonzera kolala ya jekete n'kuwauza kuti ayende bwino. Jeannine anadabwa nazo. Kwa ofiira amayi ankakana mpaka kulumbira, koma kwa abale awo sanakane, sanavomere.

Atachoka malume, Jeannine anawapeza kuchipinda atatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anali atapindamo kale madiresi awiri.

"Amayi, chonde. Ovide amangolankhula. Ali ndi mantha basi."

"Ndikudziwa kuti ali ndi mantha. Inenso ndili nawo." Anakhala pabedi, mbali imene ankagona a Valmond. "Bambo ako akadalipo, anthu ankandinena chamumtima. Tsopano azinena mokweza. Ndipo voti imeneyo ituluka mawa, chifukwa mwini wake alipo, akudya bwino, akugona tulo, ine ndikumusenzera katundu wake. Iwenso umaganiza kuti ndi ine, eti?"

Jeannine anayang'ana pansi.

"Usavutike kuyankha. Mawa ulowa nane iwe. Maso anga atha, si choncho? Mwana mmodzi yekha aoneko ndi maso ake ndisanafe."

Lolemba kunacha bwino, kamphepo ka kunyanja kakuwomba mbendera zofiira pamipanda. Ovide anali akuyendetsa galimoto ya bambo ake, kutuntha nkhalamba monga ankachitira malemu, ndipo atawadutsa pamsewu anaimika. Mayi Edmée anapitiriza kuyenda ngati sanamuone. Anafika pasukulu wapansi, atakolowekana mkono ndi Jeannine.

M'kalasi munali fungo la choko ndi khofi. Mayi wogawa mapepala, amene anaimba kwaya imodzi ndi mayi Edmée zaka zambirimbiri, anakweza nsidze atamva kuti akufuna wowathandiza.

"Maso, Edmée? Iwe amene umaona chingwe chomasuka pa boti lili pakati pa nyanja?"

"Funsa mwana wanga wamwamuna. Ndiye dokotala wa maso masiku ano."

Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa phwete. Jeannine anamva nkhope yake ikutentha. Anachita zimene wogawa mapepalayo anamuuza kuti achite, n'kulowa nawo kuseri kwa katani. Malo ake anali ochepa moti ankamva kupuma kwa amayi ake. Iwo sanamupatse n'komwe pensulo. Anayala pepala, ndipo mosayang'anayang'ana, mosazengereza, anachonga pa dzina la wofiira, msangamsanga ngati munthu wotseka geti la kwawo. Dzanja limenelo linali lozolowera.

"Waona?"

"Ndaona, amayi."

"Ndiwe woyamba."

Jeannine anatuluka m'kalasimo. Anali ndi manyazi, chifukwa zaka zonsezi anawayesa amayi ake abodza. Koma mantha ndi amene anakula. Ngati amayi ankanena zoona, ndiye kuti mwini voti uja anali pamzere womwewo, kaya anali atavota kale, ndipo madzulo kapepala kake katuluka. Anayang'ana nkhope za anthu pabwalo la sukulu. Onse anali anthu owadziwa, amene masiku apitawa anabweretsa mikate kumaliro. Ndani mwa iwowa?

Anamupeza Ovide akuthandiza gogo wina kutsika m'galimoto, n'kumukokera pambali.

"Ndaona ndi maso anga. Achonga mofiira."

"Chifukwa unali pomwepo."

"Ovide, tamvera. Si iwo. Sanakhalepo iwo. Ikatuluka madzulo ano, udziwe kuti ndi munthu wina."

"Ikatuluka ndidziwa kuti munapangana. Mkazi ndi mwana wake wamkazi, kuseri kwa katani, ndani anaona?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. Maso ake anali ofiira, a munthu wosagona. "Usandiyang'ane choncho. Ukuganiza kuti zikundisangalatsa?"

Masana amenewo anatalika koopsa. Mayi Edmée anachapa makatani amene sanali akuda. Jeannine anabweza miphika ya anansi, ndipo khomo lililonse ankalandiridwa ndi funso lomwelo lobisika: amayi ali bwanji, maso aja? Atabwerera anapeza sutikesi ija ili m'khonde, yotseka. Anayesa kudya, chakudya chinakana kutsika. Anayesa kupemphera, koma sanadziwe chopempha. Kodi munthu angapemphe Mulungu kuti voti isowe m'bokosi?

Kuvota kunatsekedwa dzuwa la chilimwe lidakali pamwamba pa nyanja. Anthu anakhamukira kusukulu, koma awiriwa anakhala m'khitchini, zenera lili lotsekula. Ankamva phokoso la ana, kenako bata lija limene limagwa akamatsegula bokosi. Jeannine ankangopotokola kansalu kopukutira mbale. Amayi ake anakhala chowongoka, manja pamaondo, nsapato zoyendera atavala kale.

Mwadzidzidzi kunamveka mfuu, kenako mahutala a magalimoto. Wina ankamenya chidebe. Geti linalira, ndipo Ovide analowa akuthamanga, chipewa kumanja, misozi ili chuchuchu.

"Palibe! Amayi, palibe! Bokosi loyera! Awerenga kawiri, a Fidèle mpaka analigwedeza chozondotsa!" Anagwada n'kuwakumbatira m'chiuno. "Zikomo, amayi. Ndikudziwa kuti zinali zovuta. Mwachitira bambo. Mundikhululukire zonse ndinanena zija."

Mayi Edmée anaika dzanja pamutu pake, koma maso awo anali kutali. Ovide anaona sutikesi m'khonde, anainyamula yekha kukaibweza kuchipinda, n'kuthamangiranso kusukulu kumene ankamuitana dzina.

Jeannine anapumira m'mwamba, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ake. "Zatha, amayi. Mwina mwini wake wachita manyazi."

"Manyazi, pambuyo pa zaka makumi anayi?" Mawu awo anali otsika kwambiri. "Jeannine, amene tinavota chaka chimene bambo anga anaimira, tatsala angati m'mudzi muno?"

"Inuyo, a Fidèle ndi akazi awo. Gogo uja ankatsika m'galimoto, ndi nkhalamba zina zingapo."

"Onsewo avota lero. Ena aja anamwalira mmodzimmodzi, ena anasamuka, voti n'kumatulukabe. Lero wasowa ndani?"

Jeannine anatembenukira mpando wa bambo ake, wopanda munthu. Kunja mahutala ankalirabe, ndipo anthu anali atayamba kuimba dzina la a Valmond Chiasson, kapitawo wa ofiira.

"Chitsiru cha munthu," mayi Edmée anatero. "Chitsiru! Zaka zonsezi anthu akundiloza chala, iye ali phee, akumwa tiyi wanga. Akadakhala pano ndikadamugenda ndi ketuloyi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, koma misozi inabweranso. "Chaka chimene chija ndinavota mokana bambo anga ondibereka, chifukwa cha lumbiro. Ndinalira njira yonse yobwerera kuno. Bambo ako sanandifunse kanthu. Ndinkadziwa kuti kwathu akamva kuti kuno bambo sanapeze ngakhale imodzi, khomo la kwathu landitsekekera mpaka kalekale, poti ukwati wathu sanaufune n'komwe."

"Ndiye inatuluka imodzi."

"Inatuluka imodzi. M'mawa mwake ndinangoona bambo anga pageti, munthu amene anakana kuponda m'mudzi muno ngakhale tsiku laukwati. Anali ataluza dera lonse, koma nkhope ili mwee. Anakhala pampando uwo, nandigwira manja, nati, 'Mwana wanga sanandiiwale.' Ine ndinafuna kuwauza zoona. Ndinali nditayamba kale, ndinati, 'Bambo, ine…' Basi pansi pa tebulo wina anandiponda phazi lakumanja. Kundiponda kwenikweni, ndi jombo ya kunyanja. Ndikuyang'ana, bambo ako ali kalikiliki kuthirira apongozi awo khofi, akuwafunsa ngati amathira shuga."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakanikirana ndi kulira.

"Ndinkayesa ankangofuna kuti nkhalamba isakhumudwe. Ndinatsimphina sabata yathunthu, ndipo sanapepese."

"Timuuze Ovide?"

Mayi Edmée anamvetsera kaye nyimbo ya kusukulu ija, imene tsopano inkatsogoleredwa ndi mawu osasa a mwana wawo.

"Musiye akankhe chipale chake."

Anawerama n'kumasula zingwe za nsapato zoyendera zija. Anavula yakumanzere n'kuiika pambali. Atavula yakumanja sanaweramuke. Anakhala choncho nthawi yaitali, chikhatho chili pamwamba pa phazi.